Chala cha Anshel

Ine ndi Anshel takhala tikuwerenga limodzi gawo la sabata iliyonse la Tora, buku lathu lopatulika, kuyambira ndevu zathu zisanachite imvi. Lachinayi mapemphero a m'mawa akatha, timakhala pafupi ndi zenera m'sunagoge wathu kuno ku Tsefati, aliyense ndi buku lake.

Mvula itayamba chaka chino, ndinayamba kumukayikira. Munthu amene ankabwera osakonzeka tsopano ankangolakatula mavesi, ndemanga za aphunzitsi akale zili pamlomo. Kenako mkazi wanga anamuona akutuluka m'nyumba ya Gedaliya wosoka nsapato, buku lili m'khwapa. Gedaliya, munthu woti ngakhale umuuze kuti mbuzi imaikira mazira angogwedeza mutu! Mtima unandipweteka. Kwathu kuno kupeza wowerenga naye wina mobisa n'chipongwe chachikulu.

Sabata imeneyo gawo linali la Isake, nkhalamba yosaona ija, pamene mwana wake Yakobo anavala zikopa za mbuzi kuti atenge madalitso a mkulu wake. Ndinati lero ndimugwira.

"Werenga ndiwe," ndinatero. "Timve zimene akuphunzitsa kwa osoka nsapato."

Anatsegula buku, n'kuika chala pamzere monga timachitira, n'kuyamba. Sanaphonye ngakhale liwu limodzi. Ndinasuzumira kuti ndione ngati wabisamo kapepala ka Gedaliya. Munalibe kanthu, koma chala chake chinkayenda patsamba la chigumula cha Nowa.

"Anshel, tsamba watsegulali ndi liti?"

Chala chinaima.

"Maso anatha, Feivel," anatero motsitsa mawu. "Zilembo zonse ndimangoona utsi. Gedaliya amandiwerengera Lachitatu, ine n'kumaloweza."

"Ndiye ine ndinafa kodi? Osandiuza bwanji?"

"Ndimakudziwa iwe. Ukanayamba kundimvera chisoni, n'kumangoti wanena zoona Anshel, wanena zoona. Wovomera zilizonse ndili naye kale."

Manyazi anandigwira. Iye anabwerera ku gawo lija, n'kufotokoza kuti Isake sanazindikire kanthu, anangopusitsidwa basi. Atatero analoza nkhope kwa ine, akudikira.

Ndinamenya tebulo mpaka anthu kutembenuka.

"Bodza lenileni! Isake ankadziwa bwinobwino amene akumudalitsa. Kodi nawo mutu watha?"

Anshel anaseka, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Umboni wako uli kuti, mbuli iwe?"