Chamba cha Mayi Kinu

Chaka chachiwiri nkhondo itatha, kuzizira kutangoyamba kuchepa, Mayi Kinu anabwerera ku Tokyo kuchokera kwawo kumapiri a Tochigi atabereka thumba la mbatata. Mbatatazo anasinthanitsa ndi chovala chawo chomaliza chasilika. Pachifuwa anali atabisa njere za chamba zodzaza dzanja limodzi, atazimanga pansonga ya mpango.

Njerezo anawapatsa ndi mlongo wawo Yoichi, sitima ili pafupi kunyamuka.

"Zikakakukanikani mukadyetse mpheta, achemwali," anatero Yoichi. "Dothi la kwanu lija si dothi, ndi phulusa lokhalokha."

Mayi Kinu anakulira kumene chamba chimalimidwa ngati mbewu ina iliyonse. Palibe ankachisuta. Ankasenda luzi lake n'kupota zingwe ndi ulusi, ndipo mapesi ake oyera ankawasungira mwambo wa Bon, pamene anthu amakoleza kamoto pakhomo kuti akufa aone utsi n'kudziwa njira yakwawo. Atakwatiwa anasamukira ku Honjo, dera lina la Tokyo, kwa amuna awo a Seikichi, mmisiri wosema nsapato zamatabwa. A Seikichi anafa ndi moto wa mabomba umene unanyeketsa dera lonselo, nyumba ndi zida zomwe. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Shinpei, anapita kunkhondo ku Manchuria, ndipo zake zinangoti zii. Ena ankati asilikali a kumeneko anawatenga ndi Arasha, ena ankangoyang'ana pansi.

Tsopano Mayi Kinu ankakhala ndi mpongozi wawo Hatsue, mkazi wa Shinpei, m'chisakasa cha malata opserera, kutsidya kwa mtsinje, kutali ndi pamene panali nyumba yawo. Hatsue ankagulitsa mbatata zophika pafupi ndi siteshoni, ndipo pakamwa pake panali pakuthwa kuposa mpeni umene ankasendera.

"Amayi, anzathu akubzala maungu, ife tikubzala zingwe," anatero ataona njerezo. "Mwati njala ikafika povuta tidzakhale ndi chodzimangirira?"

"Pakamwa pakopo," anayankha Mayi Kinu. "Chaka chatha tinayatsa zidutswa za bokosi, utsi wake wakuda ngati wa sitima. Bambo ako a Seikichi akanaudziwa bwanji? Sanabwere. Ine ndikuwadziwa, akafika pakhomo amayamba ndi kutsokomola."

Anapeza mgolo wodula pakati ndi mphika wachitsulo umene anautola m'mabwinja. Anakumba dothi la pakhomo pomwepo n'kudzazamo, n'kufesa theka la njerezo. Ankathirira m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo akadutsapo ndi madzi otsala m'ndowa ankathiranso. Mbewu zinamera, timasamba tiwiritiwiri ngati manja a khanda. Patapita masiku zinachita chikasu, kenako zinathyoka m'khosi n'kugona zonse. Atafukula anapeza mizu yoderako, yonunkha ngati ngalande. Pamwamba dothi linali gwa ngati phale, pansi linali thope.

Anatapa dothilo n'kulinunkhiza. Linkamveka fungo la usiku wa moto uja.

"Dothili likadali ndi mantha," anatero.

"Mantha ayi, mwazimiza," anatero Hatsue ali chogwada, akupemerera moto. "Mwana wanu uja munkamudyetsanso choncho. Nsomba ili m'kamwa, inu mwatenga kale ina."

Mayi Kinu anakhala pamwala dzuwa likuwawomba kumsana, akuganiza za dothi la kwawo. Linali lopepuka, la timiyala, madzi ankangodutsamo ngati mudengu. Anakumbukira mapazi a bambo awo akumira pang'ono m'dothi limenelo, ndi momwe ankalifumbatira n'kutambasula dzanja, dothi n'kukhala chibuma, koma akangolikhudza ndi chala n'kuyoyoka.

Kwa masiku angapo anayendayenda mumzinda wopserera uja ndi thumba kumsana. Mchenga anakautapa kumtsinje, nautsuka kangapo chifukwa madzi a kumeneko ali ndi mchere. Masamba owola anakawakokola ku Ueno, pansi pa mitengo ya kachisi wina amene moto unamulambalala. Ndowe zouma za akavalo anazitola mumsewu wa angolo. Mgolo ndi mphika anazibowola kunsi ndi msomali, n'kuyala mapale a denga, n'kusakaniza zonse zija ndi manja mpaka dothi linayamba kununkhira nkhalango mvula itagwa. Njere zotsala anazifesa mothithikana, kuti mbewu zizilimbirana dzuwa n'kukwera mowongoka.

Ulendo uno anasintha kathiriridwe. Madzi ankatunga pampopi umene unatsala chiimire pakati pa mabwinja, ukungodontha wokha ngati sunamve kuti nyumba yake inapita. Ankawasiya m'ndowa kuti agone, kuzizira kuchoke. M'mawa ankapisa chala m'dothi mpaka chimire theka. Chikatuluka chozizira, dothi litamatirira, sankathira. Chikatuluka chouma ankathira pang'onopang'ono m'mbali mwa mgolo, mpaka amve madzi akudontha kunsi, basi. Chovuta kwambiri chinali kuimirira pamenepo chikho chili m'manja, mbewu zikuwayang'ana, iwo n'kubwezera madzi m'ndowa.

"Lero ana anu sakumwa tiyi?" Hatsue ankafunsa popita kumsika.

"Sanapemphe."

"Akapempha mundiitane, ndidzamve nawo mawu awo."

Chambacho chinakwera. Mwezi wa Meyi chinafika m'chiuno, Juni atalowa chinapitirira mutu. Mvula yamvumbi itayamba, awiriwo anakokera mgolo ndi mphika pansi pa khonde, Hatsue akudandaula kuti iye anakwatiwa ndi munthu osati ndi mgolo. Mvula itakata anazibwezera padzuwa, ndipo posakhalitsa nsonga zinaposa denga la chisakasa. M'mawa kuwala kunkalowa pakhomo kutasefedwa ndi masamba, kobiriwira, n'kumayendayenda pamphasa ngati madzi.

Mayi Kinu ankatha kukhala nthawi yaitali pansi pa timbewu tochepato. Mphepo ikawomba, masamba ankapanga phokoso lomwe lija la minda ya kwawo. Ali kamtsikana anasocherapo m'munda wa chamba wa bambo awo. Kumwamba kunali kobiriwira, kumanja ndi kumanzere mapesi okhaokha, mawu a amayi awo akumveka mbali zonse. Sanachite mantha tsiku limenelo. Anagona pansi n'kumaonera mitambo ikudutsa m'timipata, ndipo atawapeza analira chifukwa chowatulutsa. Tsopano akatsinzina ankabwerera momwemo, mpaka ngolo kapena galimoto ya asilikali achilendo iwadzidzimutse.

Pakati pa Julayi anthu a ku Tokyo anachita Bon wawo. Timoto tinayaka m'makomo a zisakasa, koma chamba cha Mayi Kinu chinali chisanakhwime.

"Tidzachita mwezi wamawa, monga kwathu," anatero. "Bambo ako sanafikepo paliponse pa nthawi yake."

Hatsue sanaseke. M'mawa mwake, akumanga mbatata m'dengu, anafunsa osawayang'ana.

"Amayi, utsi wanuwu udzaitana ndani?"

"Bambo ako."

"Okha?"

Mayi Kinu anali atapisa chala m'dothi. Anachisiya momwemo.

"Utsi susankha," anapitiriza Hatsue. "Amene ali kwa akufa amabwera. Ine ndikadzamva kuti Shinpei nayenso walowa m'nyumba muno, ndidzatani? Panopa ndimadzuka, ndimapita kusiteshoni, ndimayang'ana aliyense wotsika sitima. Musandilande zimenezo. Musamuitane, Amayi."

Anasenza dengu n'kumapita. Mayi Kinu tsiku limenelo sanathirire, ngakhale chala chinatuluka chouma.

Kenako kunabwera kutentha kwenikweni. Malata ankawotcha ngati chiwaya, nyenje zikulira kuchokera kumene kunalibe n'komwe mitengo. Mayi Kinu anagwidwa ndi malungo, nagona pamphasa osatha kudzutsa mutu. Ali chigonere ankaona nsonga za chamba pakhomo. Tsiku loyamba masamba anali chitambasukire. Lachiwiri anazolika ngati manja a munthu wotopa. Anafuna kupempha Hatsue kuti athirire, koma anameza mawuwo. Anaganiza kuti mwana wa eni ake ali ndi chifukwa chake, ndipo ngati mbewuzo ziume, ziume.

M'mawa wotsatira anamva ndowa ikulira kuseri kwa lata. Panapita kanthawi popanda phokoso lililonse. Kenako madzi anayamba kutsika, pang'onopang'ono, kuzungulira m'mbali mwa mgolo. Analeka. Anayambanso. Pomaliza kunamveka kudontha kunsi, tho, tho, pamapale. Hatsue atalowa, chala chake chimodzi chinali ndi dothi mpaka pakati, ndipo anachipukutira kuchovala msangamsanga.

Masana a tsiku lomwelo malungo anakula. Mayi Kinu anaona kuti adzuka, thupi lili lopepuka, n'kutuluka panja. Anapatula mapesi a mumgolo ndi manja, ndipo kuseri kwake kunali mapesi ena, ndi enanso. Analowa. Pansi panali pofewa, mapazi akumira pang'ono. Anayenda nthawi yaitali m'kuwala kobiriwira, akumva anthu ambiri akuyenda chakumbali koma osawaona, masamba okha akugwedezeka pamene adutsa.

Anapeza a Seikichi atakhala pachitsa, akupala thabwa, zipalo zitawunjikana pamapazi.

"Mwasamukira kuti kodi, mayi?" anafunsa osadzutsa mutu. "Ndinapita ku Honjo chaka chatha, ndinapeza udzu. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru mpaka ena anandiitanira kwawo. Anandipatsa tiyi wozizira."

"Tili kutsidya. Mudzaona utsi woyera."

"Ukhale woyeradi. Maso anga mukuwadziwa."

Mayi Kinu anakhala pansi pambali pawo. Anadikira mpaka a Seikichi atembenuze thabwa.

"Nanga mnyamata uja?"

"Shinpei? Kuno kulibe." A Seikichi anauzira fumbi pathabwapo. "Anyamata alipo ambiri kuno, amadutsa pano tsiku lonse. Koma mayendedwe a mwana wanga ndingawasokoneze? Nsapato zake ndinkasema ndine, amadyera chidendene chakumanzere. Ndakhala ndikutchera khutu. Sanadutse."

Mayi Kinu atatsegula maso, dzuwa linali litapendeka, ndipo Hatsue anali atawaika kansalu konyowa pamphumi. Thukuta linali litanyowetsa mphasa yonse.

"Kulibe kumeneko," anatero Mayi Kinu. "Bambo ako amufunafuna. Akuti sanadutse."

"Amenewo ndi malungo, Amayi. Imwani madzi."

Anawamwetsa, nawapukuta pakamwa, n'kutuluka. Anakhalitsa panja. Madzulo ake anaphika mpunga woyera umene ankausungira tsiku lalikulu, wopanda kusakaniza ndi mbatata.

Mayi Kinu atapeza mphamvu, anazula chambacho awiriwiri. Anaphulula masamba, naviika mapesi m'madzi owira, n'kuwayanika padenga. Atauma anawanyika m'madzi mpaka khungwa linafewa, ndipo luzi linkasendeka lonse kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Luzilo Hatsue anapota chingwe choyanikira zovala. Mapesi anatsala oyera, amphako, opepuka ngati mafupa a mbalame.

Madzulo a tsiku loyamba la Bon wa kumudzi, Mayi Kinu anathyolathyola mapesi n'kuwasanja m'mbale yadothi pakhomo. Anatenga machesi, koma Hatsue anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno. Inu mutha bokosi lonse."

Moto unagwira mwamsanga, wopanda phokoso. Utsi unakwera woyera, wowongoka, chifukwa kunalibe mphepo. M'dera lonselo moto unali umenewo wokha.

Chakumsewu kunatulukira munthu atavala zausilikali zakutha, chikwama kumsana. Hatsue anaimirira. Munthuyo ankabwera pang'onopang'ono, akuyang'ana utsi, ndipo atayandikira anaona kuti ndi bambo wachikulire, wamfupi, wosafanana ndi Shinpei ngakhale pang'ono. Hatsue anakhalanso pansi.

"Pepani, amayi," anatero mlendoyo atavula chipewa. "Ndinaona utsi ndili pamlatho. Kwathu ku Akita timachitanso mwezi uno. Ndingaime nawo pang'ono? Ine khomo ndilibe."

"Imani," anatero Mayi Kinu. "Muli ndi angati kwa akufa?"

"Mkazi ndi ana awiri."

"Aitaneni. Malo ndi ochepa koma ana sadya malo."

Bamboyo anagwada, nalumikiza manja, milomo ikuyenda. Moto utazilala, Hatsue anatenga mapesi amene anatsala n'kuwagawa pawiri. Ena anasungira moto woperekeza akufa pa tsiku lomaliza, ena anamangira mlendoyo pamodzi ndi mbatata ziwiri. Mlendoyo anawerama kambirimbiri, n'kubwerera chakumlatho, mapesiwo atawanyamula ndi manja awiri.

Masiku atatu a mwambowo Mayi Kinu ankagona kumphepete kwa mphasa, atasiya malo pambali pawo, ndipo ankayenda m'chisakasamo molambalala ngati muli anthu okhala pansi. Hatsue ankatapa mpunga m'timbale tambiri kuposa mmene anauzidwira.

Chaka chotsatira boma linaletsa kubzala chamba popanda chilolezo, ndipo mumgolo muja Hatsue anabzalamo mabilinganya. Shinpei anafika chaka chinacho, masamba akuyoyoka m'mitengo, atachokera ku Siberia kumene Arasha anamusunga. Anali atatha mano akutsogolo, ndipo Hatsue anamudutsa pasiteshoni osamuzindikira mpaka iye anamuitana dzina. Atafika kunyumba Hatsue anamufunsa chimene akufuna kudya. Shinpei anati akungofuna madzi otentha osamba ndi pogona, ndipo anagona mpaka madzulo a tsiku lotsatira, amayi ake ndi mkazi wake atakhala pakhomo, akulankhulana monong'ona.