Amene Anaona a Nowa Kudambwe

Alamu anga a Nowa atamwalira, pasiwa panangoti zii. Amayi a Chigwirizano anabwera ndithu, koma anakhala pansi pa mtengo wa mango, mabuku a nyimbo ali chitsekere. Mkulu wanga Ezeliya, mkazi wa malemuwo, ankangowayang'ana. Kwathu kuno ku Kabudula, kuika Mkhristu popanda nyimbo ndiye kuti mwamutaya ngati galu.

Anaimitsa zonse ndi a Yakobo, mkulu wa mpingo, munthu woti popemphera amatsinzina diso limodzi. Ine sindinkawakhulupirira n'kale.

"Abusa, Mulungu ndi wolungama, sapusitsidwa," anatero a Yakobo, tonse tikumva. "Malemuwa Lamulungu ankadya mgonero, mkati mwa sabata ali kugule. Tikawaimbira tichimwa."

Anthu anayamba kunong'onezana. Wina akuti n'chifukwa chake ankasowa kumapemphero a m'mudzi, wina akuti anawaonapo miyendo ili mbuu ndi phulusa. Aa! Munthu wolima fodya angasowe phulusa kunazale?

"Mwachita kumva kapena munaona?" abusa anafunsa.

"Ndi maso angawa! Kudambwe kwenikweni, atakhala pachitsa akusoka nthenga."

Apa Ezeliya anakwawa kuchoka pamphasa, n'kugwada pakhomo. Mawu anali atasasa ndi kulira.

"Abusa, ine ndine mkazi, zakumeneko sindizidziwa. Koma ndifunse nawo. Kodi masiku ano munthu wosameta amalowa kudambwe, n'kuona zonsezo, n'kubwerako bwinobwino?"

Amuna onse anazolika. Abusa anatembenukira kwa a Yakobo.

"Mulungu amene mwamutchulayo alibe tsankho, bambo. Ngati munawaonadi, mlanduwu ndi wa anthu awiri. Ngati simunawaone, mwanamizira maliro. Titenge ziti?"

A Yakobo thukuta kamukamu. "Mwina... kunali kachisisira, eti. Mwina anali wina."

Amayi aja sanadikire kuuzidwa, anaiyamba nyimbo. Ine ndinalira ndi chimwemwe, osabisa.

Koma kumanda, bokosi likutsika, ndinaona amuna achilendo ataima patali m'mitengo, zipewa zili m'manja. Sankaimba, ndipo mmodzi ankapukuta misozi. Ndinakumbukira mawu aja a a Yakobo. Ndinamukodola Ezeliya.

"Akulu, anthu awo ndi ayani?"

Sanacheuke n'komwe. Anandifinya dzanja mpaka kupweteka.

"Ndawaona," anatero chapansipansi. "Ine ndagona naye nyumba imodzi moyo wonse, ndipo sindikudziwa. Kumene wapitako akudziwa. Iwe imba."