Zilembo Zotsala pa Bolodi

Dokotala atanena kuti mwanayo ayambe wapumira sukulu chaka chonse, telala sanatsutse. Kabatani, mwana wake mmodzi yekhayo, anali atagonekedwa kangapo konse m'teremu imodzi chifukwa cha mphumu, ndipo ulendo womaliza aphunzitsi anachita kumunyamula m'kalasi milomo itada bii. Dzina loti Kabatani anamupatsa ndi bambo ake, dalaivala wa malole amene ankaoneka pakhomo mwa apo ndi apo, poti mwanayo anabadwa wochepa ngati batani la malaya. Pa zaka zisanu ndi ziwiri anali akadali kanthu kakang'ono ka maso akuluakulu.

"Ndizimuphunzitsa ndekha konkuno," telala anauza mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wakeyo.

"Inuyo alamu? Zolemba zanu zija ngakhale eni akenu simuziwerenga. Mwaiwala muja munasokoneza chiuno ndi phewa, mayi uja n'kutuluka muno atavala thumba?"

Anaseka onse, koma mlamuyo ndiye anayamba kufunsafunsa kwa anthu. Posakhalitsa anabwera ndi nambala ya mayi wina amene ankagawa zipangizo zophunzitsira mwana pakhomo. Pa foni mayiyo anangoti, "Bwerani mudzatenge."

Ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba ya nsanjika, kumapeto kwa khonde lalitali. Anali mayi wowonda, wovala magalasi, woyankhula motsitsa mawu. M'chipinda chochezera munali mwaukhondo mochita kuopsa. Pafupi ndi zenera panali tebulo lalifupi ndi mipando iwiri, wina waukulu, wina wa mwana. Anatsegula katoni n'kuyamba kutulutsa zinthu: makadi a zilembo zokhakhala zoti mwana azitsata ndi chala, makope a mizere ikuluikulu osalembamo, timabuku ta nkhani, ndi chipepala chachikulu chogawidwa m'mabokosi, bokosi lililonse sabata imodzi, mpaka chaka chonse. Pomaliza anakoka bolodi lobiriwira kuseri kwa kabati.

"Muyambe ndi zilembo zozungulira, dzanja lizolowere," anatero. "Ndipo Lachisanu musamaikepo chatsopano. Lizikhala lotolera zomwe zatsalira."

"Wanu wabwerera kusukulu?" telala anafunsa uku akunyamula katoni.

"Anamwalira. Chaka chatha, nyengo ngati ino."

Katoni inali kale m'manja. Kuibweza pansi kukanakhala mwano. Telala anapepesa, anathokoza, n'kutsika masitepe bolodi lili m'khwapa.

Kunyumba analikhomera pakona ya chipinda chosokera, pafupi ndi zenera, kutali ndi fumbi la nsalu. Masabata oyamba zinayenda bwino kuposa momwe ankaganizira. M'mawa ankakhala ndi Kabatani, chala cha mwanayo chikuyenda pa makadi, kenako pa kope. Masana mayi ankapalasa makina, mwana n'kumakopera mawu. Poopa kuti fumbi la choko lingamubanikitse, telala ankapukuta bolodi ndi nsanza yonyowa.

Tsiku lina atapukuta anaima kuti alione likuuma. Pamene madzi ankatha, cha m'munsi kumanzere, pamsinkhu wofikira mwana, panayamba kuoneka zilembo. Zinali zilembo za "g", mzere wathunthu, chilichonse ndi mchira wautali wopindikira m'mwamba ngati mbedza. Zinakhala kanthawi, bolodi n'kuuma, zonse balala.

"Amayi, mwaona?" anatero Kabatani kumbuyo kwake. "Amalemba pansi apa. Ndi wamfupi ngati ine."

"Ndani?"

"Mnzanga wa pa bolodi."

Telala sanali atauza mwanayo chilichonse za mwini wake wa zinthuzo. Anamukalipira kuti asiye zopeka. Koma kuyambira pamenepo Kabatani ankasiya malo cha m'munsi kumanzere osalembapo, ndipo akatenga choko ankachithyola pakati, chidutswa china n'kuchiika pambali. Ma "g" ake nawo anamera michira yaitali yopindika.

Chipepala cha chaka chija telala anachimata pachitseko. Anadzaza mabokosi a mwezi woyamba, a wachiwiri, ndipo anaima pomwepo. Akangofikitsa cholembera pa miyezi yozizira, miyezi imene Kabatani ankabanika kwambiri, dzanja linkauma.

"Nanga kuno kwangoyera mbee, sukulu yanu idzatsekera pomwepa?" anafunsa mlamu wake atabwera kudzayesa diresi.

"Ndikalemba kutsogoloko ndimaona ngati ndikudziputira tsoka. Mayi uja nayenso anakonzekera chaka chonse."

Mlamu uja anangovula diresi n'kulipinda.

Masana ena dzuwa likuswa mtengo, telala ali kalikiliki ndi yunifolomu za kasitomala, anamva Kabatani akuwerenga maphatikizo: ga, ge, gi. Pansi pa phokoso la makina munkamveka mawu enanso, aang'ono, otsalira m'mbuyo pang'ono. Anachotsa phazi pa chopondera. M'chipindamo munali mwana wake yekha, atayang'ana bolodi.

"Ukuwerenga ndi ndani?"

"Ine ndikanena, iye amabwereza. Amachedwa, ndiye ndimamudikira."

Lisanalowe dzuwa chifuwa cha Kabatani chinayamba kulira ngati likhweru. Mankhwala opopera m'kamwa sanaphule kanthu. Anathamangira naye kuchipatala, kumene anamuika chigoba cha mpweya kumaso, ndipo telala anakhala pambali pa bedi akuyang'ana tinthiti tikukwera ndi kutsika. Bambo ake anali kutali ndi lole, ankangoimba foni.

Patapita masiku, mlamu anamukakamiza kuti apite kunyumba akasambe. Telala atalowa m'chipinda chosokera, maso ake anagwa pa chidutswa cha choko chija, chili pambali pomwe mwana anachisiya. Sanasambe. Anazula bolodi ndi misomali yomwe, analikulunga m'nsalu, n'kukakwera basi.

Mayi wa magalasi anatsegula chitseko asanagogode kachiwiri.

"Tengani chinthu chanu," anatero telala. "Mwana wanu akuitana wanga. Wanga ali m'chipatala pano."

Ankayembekezera kutukwanidwa kapena kutsekeredwa chitseko. Mayiyo anangomuyang'ana n'kufunsa, "Mwaona chiyani?"

Telala anamufotokozera za mawu amene anamva m'chipinda chosokera, kenako anapempha nsanza yonyowa. Anatsamiritsa bolodi kukhoma, analipukuta, ndipo onse awiri anadikira. Ma "g" aja anatuluka, mzere wonse, ndi michira yawo.

Mayi uja anakhala pansi penipeni. Anavula magalasi, anawavalanso.

"Tsiku limene mwana wanga analemba izi choko chinali chitatha," anatero. "Anatenga khrayoni. Ndinamukalipira, n'kupala mpaka ndinaona ngati zatha. Ine ndinkapukuta ndi nsanza youma, sindinadziwe kuti zinatsala." Bolodi litauma analanda nsanza ija n'kupukutanso. "Makope ake onse apongozi anga anawatentha, ati ndisamangowayang'ana. Ndinalibe ngakhale chilembo chimodzi cha dzanja lake."

Anapukuta kachitatu. Telala, yemwe anabwera atakunga mkwiyo, anapezeka wagwada pambali pake.

"Ankadwala chiyani?" anafunsa.

"Sanadwalepo, ngakhale chimfine chenicheni. Anatsika kukatola mpira pamsewu apo, galimoto n'kumupeza." Mayiyo sanachotse maso pa bolodi. "Za mawu mwamvazo ine sindikudziwa. Ine muno ndimamvetsera tsiku lililonse, sindimva kanthu. Ngati ali kwanuko, sangaitane munthu kuti afe. Anali mwana wamantha, sankalowa yekha ngakhale m'bafa." Anatembenuka. "Wanu lero ali moyo?"

"Ali moyo."

"Ndiye mukutani kuno, mayi? Pitani."

Telala anasiya bolodi n'kuthamangira basi. Anapeza chigoba chija atamuchotsa, Kabatani atakhala tsonga, akukangana ndi azakhali ake kuti ndani wamaliza madzi a malalanje.

Atatuluka m'chipatala mwanayo anayang'ana mabowo a misomali pakhoma nthawi yaitali, koma sanafunse. Kwa masabata angapo ankalemba mwaulesi, ndipo powerenga ankaima pakati, n'kupendeketsa mutu. Telala akaona zimenezo ankapalasa makina mwamphamvu. Tsiku lina anatenga foni n'kuimbira mayi uja, kupepesa chifukwa cha zimene anamunena tsiku lija, ndi kupempha ngati angabwere kudzamuthandiza kugawa miyezi yotsalayo.  Mayiyo anati abwera.

Anabwera Lachinayi m'mawa atanyamula thireyi yamatabwa ndi kathumba ka mchenga wosefa bwino. Anati mchenga sutulutsa fumbi ngati choko, mwana amangolemba ndi chala. Azimayi awiriwo anayala chipepala chija patebulo lodulira nsalu, pakati pa sizasi ndi tepi, n'kuyamba kudzaza mabokosi ndi pensulo: sabata ya zilembo zazikulu, sabata ya mayina a zinthu za m'nyumba, sabata yolemba ziganizo ziwiri zokha. Pa miyezi yozizira mayi wa magalasi anati aikepo zopepuka, zoti mwana angachite ali gone pabedi, ndipo telala analemba yekha ndi dzanja lake lokhotakhota lija.

Kabatani anali pansi ndi thireyi, akusalaza mchenga ndi chikhatho. Anakweza mutu.

"Anti, mwana wanu dzina lake anali ndani? Ndikufuna ndililembe."

Telala anatsegula pakamwa kuti amuletse, koma mayiyo anamugwira mkono. Anatsika pampando, anakhala pansi moyandikana ndi mwanayo, n'kutchula dzinalo motsitsa, ngati mawu amene akhalitsa osagwiritsidwa ntchito. Kenako analitchula chilembo chimodzichimodzi, Kabatani akulemba ndi chala, lilime lili panja. Chilembo china anachitembenuza, mayiyo n'kumugwira dzanja, anachikonza limodzi.

"Ndatha. Ndifufute tilembe lina?"

"Lisiye kaye," anatero mayiyo.

Anakhala atatuwo akuyang'ana thireyi. Kasitomala wina anagogoda pakhomo kudzatenga malaya ake, ndipo telala anatuluka mwakachetechete, n'kukamuuza kuti adzabwere mawa.