Khomo Pakati pa Timapiko

Ndinalota makina a pinibolo aja atalowa okha m'shopu yanga. Anabwera akuyenda ndi miyendo yawo inayi, pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokalamba. Pakhomo anadutsa chammbali kuti asagunde zikwangwani zimene ndinaziyanika, kenako anaima pakati pa chipinda. Unali usana, dzuwa lili paliwombo, ndipo kunja sitima ya katundu inkadutsa popanda phokoso lililonse.

Makinawo ndinkawadziwa bwino. Ine ndi achimwene anga a Yotamu tinawatola tidakali anyamata, kalabu ina ya ku esiteti ya tiyi itatsekedwa, n'kuwabweretsa ku Luchenza pa ngolo. Ndi bokosi lalitali lotsetsereka, pamwamba pake galasi, mkati mwake kampira kachitsulo. Ukakoka ndodo ya sipuling'i, kampirako kamathamangira kumtunda, kenako kamatsika kakugundagunda pa zinthu zitatu zonga bowa zimene zimayaka ndi kulira ngati belu. Kumunsi kuli timapiko tiwiri toyendera mabatani a m'mbali. Wosewera amamenya kampirako ndi timapikoto kuti kasagwere pa mpata wa pakati pake. Kakagwera, masewera atha.

Tinawapeza akufa, ndipo tinagawana ntchito yowadzutsa: achimwene za magetsi, ine za utoto, poti ndine wolemba zikwangwani. Sitinamalize. Iwo anapita ku Joni, makinawo n'kutsala kuseri kwa shopu atafundidwa lona.

"Bambo Lameki," anatero makinawo. Mawu ankatulukira pa kabowo koponyera makobili. "Tabwera kuti mutimalize. Takhala ndi makoswe nthawi yokwanira."

"Mwafika," ndinatero. "Koma ine za mawaya sindizidziwa."

"Wa mawaya wayamba kale ntchito."

Nditayang'ana pansi ndinaona miyendo iwiri ya munthu wogona chagada kunsi kwa makinawo. Mwendo wakumanzere unkagwedezeka monga ankachitira achimwene akamaganiza.

"Iwe Lameki, pulayala," anatero.

Sanandipatse moni, inenso sindinawapatse. Tinali tisanalankhulane kwa zaka zisanu ndi zinayi. Mayi athu atamwalira, achimwene anafika titaika kale maliro dzulo lake, atanyamula sutikesi momwe munali bulangete limene anawagulira mayiwo. Ine ndinali nditawadwazika mayiwo miyezi isanu ndi iwiri. Achimwenewo ndinawauza pamaso pa anthu kuti abwerere kumene achokera, kuno kulibe kwawo. Anatembenuka n'kubwerera ku msewu.

Ndinawaikira pulayala m'dzanja limene linatuluka kunsi kwa makina. Dzanjalo linali lozizira ngati lachokera m'madzi a m'mamawa.

Ine ndinayamba ndi galasi. Nditaligwira linafewa ngati nsalu, ndiye ndinalipinda kanayi n'kulikoloweka pa msomali. Pansi pake panali chithunzi chakale cha mzungu wovala chipewa chachikulu, atakwera hatchi pakati pa mitengo yaminga. Utoto wake unali utang'aluka paliponse. Nditangoika sandipepala, mzunguyo anavula chipewa.

"Ndingapite tsopano?" anafunsa m'Chichewa cha ku esiteti.

"Pitani bwino, bwana."

Anatembenuza hatchi yake, natsikira m'mphepete mwa bokosi, ndipo sindinamuonenso. Ndinapala thabwa lonse mpaka linayera. Fumbi lake linkanunkhira tiyi wongowuma kumene.

Kunsi achimwene ankasolola zinthu n'kumaziponya panja: chisa cha makoswe, mababu akuda, mawaya odyedwa. Mawaya atsopano amene ankalumikiza sindinaone kumene ankawatenga. Anali ofiira ndi achikasu, ankatulukira pakhomo la shopu n'kutsata njanji kulowera kummwera mpaka kumene maso amalekezera. Mawu a achimwene nthawi zina ankamveka pafupi ndi mapazi anga, nthawi zina ngati a munthu woitana tsidya lina la mtsinje.

Ndinagwada kuti ndione nkhope yawo. Kunsi kwa makinawo kunali chipinda chaching'ono cha bedi limodzi, kachitofu ka magetsi, ndi zenera loonetsa nyumba zosanja. Mphepo yozizira inkachokera kumeneko. Achimwene anali atandifulatira, ndipo ndinangoona nkhongo yawo.

"Usasuzumire," anatero. "Jambula."

Ndinadzuka n'kutsegula zitini za utoto.

"Ndijambule chiyani?" ndinafunsa makinawo.

"Zimene mukuzidziwa, bambo. Za eni ake tazisenza mokwanira."

Kumtunda kwenikweni ndinajambula phiri la Mulanje. Ndisanatsuke burashi, mtambo unakhala pamwamba pake, ndipo chiperoni chinandinyowetsa mkono wa malaya. M'munsi mwa phiri ndinapaka minda ya tiyi. Amayi othyola tiyi anatulukira okha pakati pa mizere, ang'onoang'ono ngati nyerere, madengu kumsana, akuimba nyimbo imene ndinkaimva m'mano osati m'makutu. Mtsinje wa Thuchila ndinaujambula ndi utoto wabuluu, koma utangoyamba kuyenda unasanduka wamatope, poti Thuchila sunakhalepo wabuluu. Ndinausiya momwemo.

Zinthu zonga bowa zija ndinazisandutsa za kwathu. Chimodzi chinakhala ambulera ya mayi wogulitsa nthochi pa msika, china thanki ya madzi ya pa siteshoni, chachitatu chigayo. Achimwene akalumikiza waya kunsi, malo amene ndamaliza kujambula ankayaka. Chigayo chitayaka chinayamba kugaya, ufa n'kumandithira m'nsidze. Tinagwira ntchito choncho nthawi yaitali, iwo pansi ine pamwamba, dzuwa osasuntha. Ndikafuna kunena kuti apa pakufunika getsi, ndinkapeza layaka kale. Mtima wanga unali m'malo kuposa mmene wakhalira zaka zambiri.

Panatsala malo amodzi osapaka, kumunsi, pakati pa timapiko.

Apo m'pamene ndinaona munthu akuwoloka Thuchila, atakwinya chitenje mpaka m'mawondo. Anali wamng'ono ngati nyemba. Anadutsa pa msika, natsata njanji, ndipo pamene ankayandikira m'mphepete mwa bokosi anali akukula. Anatsika mosamala n'kukhala pa mpando wanga. Anali mayi athu. Anali onenepa ngati kale asanadwale, ndipo anayamba kufinya madzi m'chitenje.

"Mayi, inu munamwalira," ndinatero.

"Eya. Koma sindinabwerere zimenezo." Analoza pa malo osapaka paja. "Apo ujambule khomo la kwathu."

"Apo ndi pogwera, mayi. Kampira kakafika apo ndiye kuti munthu waluza."

"Ujambule."

Ndinatenga burashi yaing'ono kwambiri. Ndinajambula chitseko chathu chobiriwira, ndi thabwa lija la m'munsi limene bambo analisintha koma osalipaka utoto. Ndinajambula sitepe yong'aluka ndi mwala wotsekera chitseko kuti nkhuku zisalowe. Nditangochotsa burashi, chitsekocho chinatseguka pang'ono, ndipo munatuluka fungo la parafini ndi nthochi zakupsa.

Mayi ankayang'ana manja anga.

"Ndinakuuza kuti usamuvutitse mkulu wako ndi za matenda anga," anatero. "Unamvera msanga, Lameki. Zina zonse zimene ndinkakuuza unkayamba watsutsa."

Ndinapukuta burashi yoyera kale.

"Ndamaliza," anatero achimwene kunsi kuja. Miyendo yawo inalowa mkati ngati ya kamba. Galasi linatsika lokha pa msomali, linadziyala pamalo pake n'kuuma. Patsogolo pa ndodo ya sipuling'i panagubuduka kampira kachitsulo kowala, ndipo nditawerama ndinaona achimwene ali mkati mwake, atavala jekete lakuda, sutikesi m'dzanja.

"Kampira n'kamodzi kokha, bambo," anatero makinawo. "Kena kulibe."

Ndinakoka ndodo n'kuitaya.

Kampirako kanakwera mpaka kuseri kwa phiri, kanatulukira mu mtambo katanyowa. Kanatsika m'minda ya tiyi, amayi aja n'kuima kuthyola. Kanagunda thanki ya pa siteshoni ndipo belu linalira. Kanagunda ambulera ya pa msika, anthu n'kuyamba kuuzana kuti a Yotamu abwera, a Yotamu abwera. Wina anaimba nthungululu. Kanawoloka Thuchila osamira, kanalunjika kumunsi, ku khomo lobiriwira lija.

Chala changa chinadina batani.

Kaphiko kakumanja kanamenya kampirako mwamphamvu, kanauluka kudutsa msika ndi minda mpaka kukasowa kuseri kwa phiri. Mababu onse anaphethira, makinawo akulira mosangalala monga amachitira wosewera akamenya bwino. Sindinafune kutero. Koma sindibisa, zinandikomera. Ndinali katswiri, ndipo manja anga ankadziwa zoti achite.

Kampirako kanatenga nthawi kuti kabwerenso. Pamene kanatulukira, tsitsi la achimwene linali litachita imvi. Pa msika anthu anali ochepa, ndipo amene anatsalawo ankafunsana kuti mlendoyu ndi ndani. Kanatsika, kanafika pafupi ndi sitepe, mpaka achimwene anatambasula dzanja kuti agwire chitseko. Ndinamenyanso, ulendo uno ndi kaphiko kakumanzere.

Getsi la pa chigayo linazima. Kenako la pa siteshoni.

Ulendo wachitatu achimwene ankatsimphina, sutikesi akuikoka pansi. Kampirako kanali katachita dzimbiri mbali imodzi, ndipo kankagubuduka mokhotakhota. Katafika pa Thuchila kanaima kaye. Achimwene anakweza mutu n'kundiyang'ana kudzera m'galasi. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo. Inali itafanana ndi ya bambo athu m'masiku awo otsiriza.

"Ukusewera bwino, Lameki," anatero. Sananene monyoza. Ananena ngati mmene ankanenera ndili mwana, ndikajambula galimoto pa dothi.

Kenako kampirako kanayambanso kutsika.

"Chotsa manja," anatero mayi.

Ndinayesa. Utoto unali utauma pakati pa zikhatho zanga ndi mbali za bokosi, wobiriwira kumanja, wamatope kumanzere. Ndinakoka mpaka mapewa anandiwawa. Zala zanga zinali zitakhala kale pa mabatani, zikudikira.

"Akukana, mayi."

"Si manja amenewo, mwanawe."

Kampirako kanadutsa nyumba zomaliza. Kunja kwa shopu sitima ija inali ikudutsabe, mabogi osatha, opanda phokoso. Ndinamva chala changa chikuyamba kulemera pa batani.

"Achimwene," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Achimwene, uthenga wa matenda a mayi uja ndinauchedwetsa dala. Ndinaona kuti mayi akupita kudakali sabata yathunthu. Ndinkafuna anthu aone amene anatsala ndi amene anathawa."

Amayi a m'minda ya tiyi anasiya kuimba.

Utoto unafewa. Unayenderera m'mikono mwanga mpaka m'zigongono, wofunda. Ndinachotsa dzanja lamanja, kenako lamanzere, n'kuwakweza m'mwamba kwambiri kuti asabwererenso pa mabatani. Timapiko tinagwa tokha n'kukhala chete.

Kampirako kanafika pa nsonga ya kaphiko kakumanzere, kanaima pamenepo kakunjenjemera. Mayi anadzuka pa mpando, anakonza chitenje chawo, nalowa m'galasi ngati munthu wolowa m'madzi. Ndinawaona atachepanso, akukwera sitepe, akukankha mwala uja ndi phazi. Anatsegula chitseko chonse n'kuima pambali.

Kampirako kanapendekeka.

Ndinadzidzimuka ndili pa benchi la m'shopu, manja onse ali m'mwamba. Dzuwa linali litapendeka. Mkazi wanga Esinati anali ataima pakhomo ndi mbale ya mbatata yovundikira.

"Mukupemphera kapena akugwirani apolisi?" anafunsa.

Ndinatsitsa manja. Anali atachita dzanzi, ndipo ndinakhala kanthawi ndikuwayang'ana.

"Esinati, kodi pali amene angakhale ndi nambala ya achimwene?"

Anaika mbale pa tebulo, nasuntha zitini za utoto kuti apeze pokhala. Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa foni yake.

"Ine ndili nayo. Alamu amaimba mwezi ndi mwezi kufunsa za ana. Amafunsanso za inu, koma anandipempha kuti ndisakuuzeni mpaka mudzafunse nokha."

Anadina yekha n'kundipatsa. Foniyo inaitana nthawi yaitali. Kawiri konse chala changa chinafika pa batani lodulira, koma Esinati anali akundiyang'ana, ndipo ndinachibweza.

"Halo, mlamu?" Mawuwo anali okalamba, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka magalimoto ambiri.

"Achimwene," ndinatero. "Ndine."

Ndinaganiza kuti foni yaduka. Kenako ndinamva chitsulo china chikuikidwa pansi mosamala.

"Ndakumva, Lameki," anatero. "Dikira kaye ndipeze pokhala."