Nsagwada za Anthu Mazana Atatu

Ndinamuuza mdzukulu wanga kuti njinga yamoto si mnzake. Ndinamuuza kangati? N'chifukwa chake ndimamutchula kuti Nkhutukumve. Lachiwiri anagwa nayo, nsagwada yakumunsi n'kuphwanyika, ndipo madokotala anachotsa chidutswa chachikulu cha fupa.

Lachinayi anatiitana ine ndi mwana wanga, mayi ake a mnyamatayo, m'kachipinda kozizira, kopanda ndi zenera lomwe. Munali mayi wa magalasi amene amakonza mafupa pakompyuta. Atatembenuza kompyutayo, ndinaona chigaza chikuzungulira chokha.

"Zimitsani! Mwana ali moyo, inu mukumuonetsa chigaza?"

"Agogo, n'chithunzi chabe," anatero. "Tinayeza nsagwada za anthu mazana atatu. Kompyuta imaona fupa lotsalalo, n'kuliyerekeza ndi za anthu aja, n'kulosera mmene losowalo linalili. Kenako timaumba chitsulo chofanana nalo."

"Anthu ake ati? Makolo awo mumawadziwa?"

"Amayi, chonde," mwana wanga anandikoka dzanja.

Chibwano chimene makinawo analosera chinali chabwino ndithu, chozungulira. Koma sichinali chake. Kwathu chibwano chimatuluka kutsogolo, mano akumunsi kuposa akumwamba, ngati malemu agogo ake aamuna.

"Mukamuika chimenechi, adzadzuka ali mwana wa eni ake," ndinatero.

Wa magalasi uja sanakane. "Kompyuta ikasowa umboni imathawira ku nkhope ya anthu ambiri. Zithunzi za pafoni sizikutithandiza, zonse anajambulitsa atavala chipewa cha njinga. Tikanakhala ndi muyeso wa mano ake asanavulale..."

Ndinamuyang'ana mwana wanga. Iye anayang'ana pansi.

Paja zaka ziwiri zapitazo dokotala wa mano anamulumitsa mnyamatayo phala lolimba, n'kuumba chikombole cha mano ake onse. Ine ndinakana kuchoka osachitenga. Munthu sasiya pakamwa pake kwa alendo, sudziwa adzachita napo chiyani. Tsiku limenelo mwana wanga anati ndamuchititsa manyazi, banja lonse linandiseka sabata yathunthu.

Lachisanu m'mawa ndinabwera nacho chikombolecho, chili m'sokosi, sokosiyo m'chitini cha mabisiketi. Wa magalasi uja anachiika pakambale kozungulira, kuwala kofiira kukuchinyambita, ine ndili chilili pambali. Pakompyuta paja chibwano chinayamba kusuntha pang'onopang'ono, mpaka chinatuluka kutsogolo.

"Ameneyo ndiye wathu," ndinatero.

"Tichisunge kuno, agogo?"

"Musunge anthu anu mazana atatu aja." Ndinachibwezera m'sokosi.

Opaleshoni inatenga maola asanu ndi limodzi. Patatha milungu iwiri, kutupa kutachepa, ndinamugwira kumaso ndi manja onse awiri. Chibwano cha agogo ake, chonyansa chomwe chija. Misozi inangotuluka.

Ndiye anayamba kung'ung'udza, mano atamangidwa ndi waya. Ndinawerama kuti ndimve, ndimati mwina akuthokoza.

"Agogo, njinga ija yakonzedwa?"