Khofi Amene Semaan Anakana Kumwa

M'galimoto tinapangana, ine ndi mnzanga Semaan, kuti dzanja la bishopu sitipsompsona. Wolumbira kwambiri ndinali ine. Koma titangolowa m'holo momwe munakhala komiti yofufuza, bishopu anatambasula dzanja, ine n'kupeza mlomo wanga uli kale pa mphete. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, bondo lovuta, koma kugwada kwake! Ndinadzida.

"Ukanawanyambitanso nsapato, Melhem," anatero Semaan.

Tonse awiri tinakulira kunyumba ya ana amasiye ya ansembe, kumapiri uko. Wansembe wina, Bambo Afram, ankatiitanira kuchipinda kwawo mmodzimmodzi n'kumatichita zachipongwe, ndipo titaulula anatitcha abodza pa guwa, mudzi wonse ukumva. Iwo anamwalira kalekale. Ife tinabwerera chinthu chimodzi: bishopu anene pagulu kuti sitinaname.

Wogawa khofi, Abu Nazih, anayamba ndi ife. Semaan analandira kapu n'kuiika pansi, pafupi ndi phazi lake. Kwathu kuno mlendo akatero ndiye kuti samwa mpaka pempho lake liyankhidwe, ndipo munthu wolongosoka sangamwe yekha. Mayi woweruza, amene ankatsogolera komitiyo, kapu inali itafika kale pamlomo. Anaibweza ndi nkhope yachisoni.

Bishopu anaimirira n'kuyamba za chikhululukiro. Anatitengera kwa Yosefe ndi abale ake, n'kutidutsitsa m'chipululu. Atolankhani ankayasamula. Abu Nazih anatenthetsa khofi kawiri, kachitatu anabwera kudzandinong'oneza: "Muuzeni mnzanuyo angonyambitako, anthu afa."

"Mpingo ukumva ululu pamodzi ndi onse amene akuona ngati anapwetekedwa," anamaliza bishopu.

"Ambuye, funso langa n'lalifupi," anatero Semaan. "Tinanama?"

"Mwana wanga, nkhanizi n'zakale."

"Nanenso ndine wakale. Tinanama?"

Loya wa bishopu anayamba kuvundukula mapepala. Mayi woweruza anamuyang'ana ndi maso a munthu amene sanamwe khofi chidzukireni, loyayo n'kukhala pansi. Ine ndinkaopa ngati kale lija. Bishopu anayang'ana chitseko, anayang'ana denga, kenako anang'ung'udza chinachake m'ndevu zake. Ife a kutsogolo tinamva. Misozi inandilengeza, ndinagwira Semaan paphewa kuti basi, tapambana.

Iye sanasunthe. Anatembenuza mutu n'kuloza khutu lake lakumanzere.

"Pepani Ambuye, ili silimva. Analiboola ndi khofu Bambo Afram tsiku limene ndinaulula. Tayandikirani chokuzira mawucho."

Abu Nazih anaika ketulo pansi, ananyamula chokuzira mawu n'kukachigwirizira pakamwa pa bishopu. Mawuwo anamveka mpaka kwa oyendetsa matakisi panja.

"Simunaname."

Semaan anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kenako anatulutsa kapepala m'thumba la jekete.

"Tinalipo khumi ndi anayi," anatero. "Otsala ndife awiri. Ndizitchula dzina lililonse, inu muzibwereza kuti sananame."