Mayeso a Gerishomo

Veronica anabwera kutchuthi ku Kachulu mutu utadzaza fizikisi. Ku yunivesite ankafufuza za tinthu tating'onoting'ono tomwe timakhala tolumikizana ngakhale titatalikirana, ndiponso mmene ungatsimikizire kulumikizanako pamene ena mwa osunga tinthuto ndi akamberembere. Pakhomo palibe anamufunsa zimenezo. Nkhani inali ya mkulu wake Elenala, yemwe bambo ankamuletsa kukwatiwa ndi Gerishomo, msodzi wa ku Chisi.

"Ife mtima ndi umodzi," Elenala ankatero.

"Umodzi ndi munthu wonunkha matemba?" bambo ankayankha.

"Njira ilipo, bambo," anatero Veronica. "Tiwalekanitse, tiwafunse mafunso odzidzimutsa nthawi imodzi, asapeze mpata wonong'onezana. Akasemphana, ukwati palibe."

Bambo anavomera msangamsanga.

Veronica sanakhulupirire aliyense. Malume amakonda mlamba waulere, msodzi akanatha kuwagula nawo, choncho anawalanda foni. Mayi anawatuma kuchigayo. Mafunsowo sanauze munthu. Ankangowatchula m'pemphero lake la mmawa kuseri kwa nkhokwe, kupempha Mulungu amusankhire ovuta.

Loweruka Gerishomo anapalasa bwato mpaka kutali, kuti aziyankha pafoni. Veronica anakhazika Elenala pakhonde, maso a bambo ali pa iye. Dzina la mwana woyamba? Nyimbo yodzaimba pamaliro ako? Ndowa yamtundu wanji? Mayankho onse anafanana ndendende. Bambo anavula chipewa.

Veronica sanasangalale. Ngakhale makina okwera mtengo amaphonyako apo ndi apo. Anakokera Elenala kuseri.

"Achemwali, mwabera bwanji?"

"Iwe umapemphera ngati ukuitanira malonda pamsika. Ndinkamva zonse ndikusesa, masana nkumuimbira foni Gerishomo."

"Ndiye mayeso afa."

"Afa chani? Mwamuna waloweza mayankho anga onse, osatsutsa ngakhale limodzi. Iye amafuna ndowa yabuluu, koma wanena yofiira. Wina wotero ndikamupeza kuti?"

Pabwalo bambo anali atatuma kale munthu akauze Gerishomo abwere kumtunda, ndipo ankapukuta okha mpando wa alendo. Atamuona Veronica, bambowo anakuwa: "Asayansi, mwapeza chiyani?"

Veronica anayang'ana mkulu wake. Anayang'ananso kumwamba, kwa Mulungu, mboni yokhayo yomwe sinaulule kanthu.

"Ndi olumikizana, bambo," anatero. "Kwambiri."